A Tiyamike Awiri mu Foni ya Adadi

Ine zopita ku Tete ndinaziganiza tsiku limene magetsi anapita kasitomala ali mu dilaya. Mayi wabwinobwino wa ku Nancholi, mawa lake ukwati wa mng'ono wake, mutu mbali ina wauma mbali ina ukudontha, basi magetsi aja n'kuthawa. Tinadikira, tinadikira, mpaka mayi uja anangomanga duku n'kutuluka, osalipira, osatsanzika. Ndinatsala ndekha mu saluni ya eni ake ija, foni ili m'manja monga mwa masiku onse, nde ndikuona sitetasi ya mnzanga Esnati, amene anali atapita kale ku Mozambiki. Zikhadabo waliwali, fani ikuzungulira kumbuyo kwake, kanyimbo ka Chipwitikizi. Ndinamulembera pompo: "Amwali, malo alipo kumeneko?" Iye: "Bwera, koma kuno kumatentha ngati wakhalira mbaula." Ndinati kutentha si kanthu, bola dilaya izigwira ntchito.

Dzina langa ndine Tiyamike, wa ku Chilobwe. Sukulu ndinaisiyira pa folomu thuu, koma musandione choncho. Kuluka, kusoka mawigi, kuika zikhadabo, nsidze, zonse ndinaphunzira ndekha pa mavidiyo a pa foni, kuimitsa, kubweza, kuimitsanso, mutu woyeserera uli wa amami. Anthu amati ndimalankhula ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. Sindikana. Ngakhale izi ndikulemba pa foni, chala chimodzi, batire ikutha, nde mundipirire.

Adadi anga ndi a Zuze, telala wa pa khonde la sitolo ku Limbe. Iwo sanabadwire kuno. Anabwera ali mnyamata kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, analowera ku Nsanje wapansi, abale onse atabalalika. Kenako Blantyre, makina osokera, amami, ine. Dzina langali si la mwangozi ayi. Amati anandipatsa chifukwa dziko lino linawalandira ali ndi kabudula mmodzi. Ndipo pakhomo pathu panali lamulo lawo limene ndalimva kuyambira ndili wa mamina: wolandiridwa sanena kuti ndiwo zachepa mchere. Panja adadi ndi munthu wa zikomo. Wina awaponde phazi mu minibasi, zikomo ndi iwo. Kasitomala awakalipire pa buluku loti muyezo analakwitsa yekha, zikomo bwana. Mawu awo panja ndi aang'ono, umachita kuwerama kuti umve.

Koma m'nyumba, chitseko chikatsekedwa, nkhani za pa wailesi zikayamba, eee! Munthu wina. Amayankha wailesi ngati ikuwamva. Amami amangoti, "Tsitsani mawu inu, makomawa ndi a njerwa imodzi."

Nditawauza adadi za Tete, iwo anangofunsa:

"Kumene ine ndinachoka ndi miyendo, iwe ukupita ndi sutikesi?"

"Adadi, nkhondo inatha ine ndisanabadwe."

"Inatha m'nyuzipepala."

"Nde ndizingokhala pano kudikira magetsi mpaka ndikalambe?"

Sanandiletse. Anangondisokera kathumba m'kati mwa siketi kobisamo pasipoti. Ine ndinawasiyira foni yanga yakale n'kuwaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: dinani apa, lankhulani, chotsani chala. Zolemba ndinadziwa kuti sizitheka. Maso awo amaona bowo la singano, koma zilembo za pa foni akuti zimavina.

Ndinanyamukira pa Wenela, kudutsa Mwanza, Zobwe, kenako kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Zambezi. Esnati sananame. Kutentha kwa ku Tete kumakuwomba mbama ukangotsika basi. Koma ine ndinali ndi kamtima kena kake. Ndinkati ndine wa kwa Zuze, magazi anga ndi akuno, mwina wina akamva dzinali adzati, aa, mwana wathu wabwera. Ndani? Tsiku loyamba lomwelo mwini saluni, Dona Amelia, anandipatsa dzina: Malawiana. Makasitomala nawo, Malawiana bwera, Malawiana fulumira. Apolisi akandiimitsa pa msewu, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, adziwa kale. Kaya ndi kayendedwe, kaya ndi chitenje. Ndinayesa Chisena cha amami, chimayandikana ndi Chinyungwe cha kumeneko, iwo n'kumaseka kuti ndikulankhula ngati nkhalamba ya kumudzi.

Ndalama ndiye zinalipo, ndisaname. Ndikasintha kukhala makwacha ndinkaoneka ngati bwana. Ndinkatumiza kwa amami kudzera kwa dalaivala wina wa thiraki wa ku Chimwankhunda, iwo n'kukonzetsa denga lomwe linkadontha pa bedi langa chibadwire changa. Koma ndalama sizicheza nawe Lamulungu masana. Esnati anali ndi chibwenzi chake, nde ine ndinkatsala mu kachipinda, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo, ndikuyendayenda m'masitetasi a anthu a ku Chilobwe. Uyu wagula tchipisi pa chiwaya, ndalira. Uyu wajambula mvula ikutsika pa phiri la Soche, ndalira. Munthu kulirira chithunzi cha matope, abale!

Dona Amelia anali ndi mawu ake. Ukangoti Dona, lero taima kuyambira m'mawa osadya, iye, "Malawiana, uzithokoza. Kwanu kuli chani? Ndinakutola ine." Ndipo mukudziwa chimene ndinkachita? Ine wa pakamwa ine? Mutu pansi, kamawu kakang'ono, "Obrigada, Dona." Ndiye zikomo wa kumeneko ameneyo. Tsiku lina ndinadziona pa galasi la saluni ndikunena zimenezo, khosi litapindika, ndinangoti mayo ine, awa ndi adadi awa.

Chimene chinkandisunga ndi mavoisi awo. Foni ija inawakomera akuluakulu aja. Akaweruka ku Limbe, voisi. Kuyamba kwake kumodzimodzi: "Tiyamike mwana wanga, ndi ine bambo ako," ngati ndingawasokoneze ndi wina. Kenako lipoti: amako bipi yatsika, nkhuku ya aneba yalowanso m'masamba, sopo wakwera. Akamaliza za pakhomo, nkhani za dziko. Mawu a chitseko chotseka aja tsopano anapeza kolowera. Ndinkaika mahedifoni n'kumasoka wigi ndikuseka ndekha, makasitomala n'kumati Malawiana wapenga. Ulendo wina ndinawafunsa dzina la mudzi wawo kuti ndikafufuze, poti ndinali pafupi. Voisi imene inabwera inali yaifupi kuposa onse. "Usavutike. Ngakhale manda a amayi anga sindidziwa pomwe ali."

Tsopano mvetsani apa. Kwathu ku Chilobwe kuli gulu la maliro. Mabanja a m'dera lathu amasonkha mwezi ndi mwezi, nde wina akamwalira gulu ndi limene limagula bokosi, kupeza galimoto ya kumanda, kuphika, kuchezera pa siwa, zonse. Kwa anthu a m'tauni oti kumudzi n'kutali, gulu limeneli ndiye abale ako. Kwa adadi ndiye zonse. Analowa ine ndisanabadwe, maliro sanajombepo. Ndipo gululi dzina lake ndi Tiyamike. Eya. Mayina athuwa ndi omweomwewa, mwana Tiyamike, gulu Tiyamike, golosale Tiyamike. Pa foni lili ndi malo ake olengezerapo zovuta, adadi alimo, ine ndilimo. Nde mu foni yawo munali a Tiyamike awiri. Ine chithunzi ndimasintha tsiku ndi tsiku, choncho iwo nkhope sankaidalira, ankangoona dzina lomwe lili pamwamba n'kudina.

Lachitatu lina masana, ndili pakati poika zikhadabo, Esnati akundikodola ndi foni yake. "Amwali, adadi ako ali ponseponse." Gulu lija ine ndinalitseka pakamwa kalekale, nde ndinali ndisanaone. Nditsegule. Mamesiji ngati nyerere. Pamwamba pake voisi yaitali ya adadi, ya dzulo lake, yoti inali yanga koma yagwera pa gulu.

"Tiyamike mwana wanga, ndi ine bambo ako. Lero ndayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka kuno, pa msinkhu wanga uno. Minibasi kulibe, akuti mafuta. Tsono ndikufunse, munthu tinamuika pa mpando uja wachita chiyani? Analonjeza ndi pakamwa pake, ine ndinamva ndi makutu anga. Bambo wa pa nyumba, ana akamagona ndi njala, sakwera ndege kukacheza kwa anzake. Amakhala pansi, amachepetsa zake, amalanga wakuba ngakhale ali mwana wake. Kwacha yasanduka pepala lokulungira mtedza. Mu Limbe zinyalala zafika m'mawondo, ana asukulu akuyankha aphunzitsi, palibe woopa mnzake. Kale zinthu zinali ndi mwambo, mwana wanga. Uyu ndi suti yokongola kunja, koma m'kati mulibe lainingi. Walephera. Ndanena ine bambo ako. Amako akupereka moni."

Ndinaimva ndili chiimire, guluu akuuma pa chala cha kasitomala. Voisiyo payokha inali yokoma, ikanabwera kwa ine ndikanaseka mpaka misozi. Ndipo ambiri anaseka. Ena anaika tizithunzi ta moto, ena anaitumiza m'magulu a tchalitchi, a mpira, mpaka inamupeza Esnati ku dziko la eni. Koma pansi pake panali voisi ina, ya a Chimbalanga. A Chimbalanga ndi aneba athu, opuma pa ntchito ya boma, mnzawo wa adadi wa pa bawo, munthu wokonda chipani cholamula mpaka nsalu yake anasoketsa katani.

"A Zuze, ndamva. Inu tinakulandirani m'dziko muno mapazi ali ong'ambika. Mwadya zathu, mwakhuta, mwamanga nyumba, lero mwapeza pakamwa potukwanira mtsogoleri wathu? Kusayamika kumeneko. Ngati kuno kwaipa, njira ya ku Mwanza ndi yotsegula, mwana wanu watsogola kale, mubwerere kwanu. Ndipo ndikupempha komiti ione ngati munthu wotere tingakhale naye pa gulu lathu."

Chimene chinandipweteka si mawuwo okha. Ndi tizala. Tizala tovomereza tija timene anthu ena anaika pansi pake. Anthu oti ndimawadziwa, oti madiresi a ukwati wa ana awo anasoka ndi adadi.

Ndinaimba. Foni ya adadi yozima. Mawa lake yozima. Voisi ya madzulo inasiya kubwera, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti Tete ndinkamupirira chifukwa cha iyo. Amami ndi amene anandiuza, akunong'ona kuseri kwa bafa.

"Ku Limbe sakupita. Makina angofunditsidwa nsalu pa khonde paja. Kutchalitchi Lamulungu anakana."

"Akudwala?"

"Bola akanadwala, tikanapita kuchipatala. Angokhala pa mpando, makatani otseka. Akatsegula pakamwa ndi funso limodzi: akandichotsa pa gulu, ndikafa adzandinyamula ndani?"

"Amami, sangawachotse chifukwa cha voisi!"

"A Chimbalanga aumirira kuti ikambidwe. Msonkhano ndi Lamulungu la kumapeto kwa mwezi."

Ndinayesa kugwira ntchito, manja osagwira. Wina ndinamuika chikhadabo chopendekera, wina ndinamuwotcha khutu. Ndinapita kwa Dona kukapempha masiku ochepa. Iye ati, "Ukatuluka pakhomo apo usabwerenso. Atsikana a kwanu ali mbwee pa boda, akufuna mpando wakowo. Wosayamika iwe." Pakamwa panga panali patayamba kale kukonza obrigada uja. Ndinamumeza. Sindinatukwane, sindinathokoze, ndinangozula tchaja yanga pa khoma. Esnati anandiperekeza ku basi akundinena. "Ntchito yabwinobwino ukuitaya chifukwa cha voisi? Sabata ya mawa kubwera nkhani ina, anthu aiwala." Ndinati anthu aiwala, koma adadi anga suwadziwa iwe.

Mu basi sindinakhazikike. Ndinkafukula gulu lija kubwerera m'mbuyo, kusaka paliponse pamene a Chimbalanga eni ake anadandaulapo za mtengo wa feteleza, za madzi osatuluka, kujambula sikilini, kusunga. Ndinkati ndikafika pa msonkhano ndikawayalutsa mmodzimmodzi. Foni inadzaza zipolopolo.

Blantyre ndinamupeza mmene ndinamusiyira. Mzere wa magalimoto pa filing'i siteshoni utakhota mpaka kuseri, madalaivala atagona pa maboneti. Oitanira akukanganirana chikwama changa pa siteji, "Asisi, Chilobwe yonyamuka iyi, watsala munthu mmodzi!" m'katimo muli mipando yokhayokha. Ndinaseka ndekha. Palibe anandifunsa pepala. Palibe ananditcha dzina la dziko. Kamphepo ka ku Soche kanandilowa m'malaya, ndinafuna kukagwira ndi manja.

Adadi ndinawapeza momwe amami ananenera. Ataonda, ndevu zosameta, munthu woti ngakhale kogula makala amapita ndi malaya ositidwa. Foni anaikulunga mu kansalu n'kuitsekera mu chitini cha mabatani, ngati njoka yoti ingatuluke.

"Wabwereranji?"

"Ndamva kuti mwatchuka, nde ndabwera kudzakhala manijala wanu."

Sanaseke.

"Lamulungu ndikapepesa. Mawu ndakonza kale. Ngati n'kugwada ndikagwada."

"Mukapepesa chani, adadi? Mwanama pati? Chilobwe yense amanena zomwezo, pa mpope, mu minibasi, paliponse!"

"Chilobwe ali ndi eni ake. Iwo akanena ndi madandaulo. Ine ndikanena ndi mwano."

"Kuno mwakhalitsa kuposa uko. Chiphaso muli nacho. Mumavota."

"Iwe uli ndi amako, kwanu ndi ku Nsanje, ukafa akakutengera kumeneko. Ine ndili ndi gulu lija basi."

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse zipolopolo zanga. Anangoikankha ndi chala. "Ukakatulutsa chimenecho pa msonkhano, ukasake bambo wina. Ukakhala phee. Umatha kukhala phee iwe?" Ndinati ndiyesa. Amami ku khitchini anaseka, akuti kanali koyamba chichitikireni nkhaniyi.

Msonkhano unali kwa mayi Semba, tcheya wa gulu, mayi wogulitsa nsomba zouma mu msika wa Chilobwe, wa mawu oti akaitana mwana wake amayankha ndi ana a ku Chimwankhunda. Misonkhanoyi imazungulira nyumba ndi nyumba, mwezi uno kwa uyu, wa mawa kwa uyo. Koma tsiku limenelo kunadzaza ngati kuli chinkhoswe. Anthu oti sabwera anabwera. Mipando ya pulasitiki inatha, ena pa zidebe, anyamata pa mpanda. Ine ndinakhala pa mphasa ndi azimayi, foni ndaikhalira kuti isandiyese.

Pemphero, malipoti, kenako mayi Semba: "Pali nkhani ya a Zuze. A Zuze, bwalo ndi lanu."

Adadi anaimirira, jekete la kutchalitchi, chipewa m'manja. Kamawu kaja ka panja.

"Zikomo a tcheya, zikomo nonse. Ine ndaima pano kudzapepesa. Mawu aja sanali opita kwa inu, anali opita kwa mwana wanga, chala chinaphonya. Dziko lino linandilandira ndilibe kanthu, ndipo munthu wolandiridwa..."

"Kwezani mawu, sitikumva!" wina kumbuyo.

Akanangowasiya, bwenzi atamaliza, atagwada, nkhani itatha momwe ankafunira. Koma a Chimbalanga sanaugwire mtima. Anadzambatuka.

"A tcheya, kupepesa kokha sikukwana. Munthu uyu anene poyera kuti ananama. Mtsogoleri amadzudzulidwa ndi eni dziko amene anamuika pa mpando. Osati munthu woti sitikudziwa n'komwe ngati anavotadi."

Ndinaona khosi la adadi likuwongoka. Pang'onopang'ono, ngati tambala wamva mnzake.

"Mwati chiyani, a Chimbalanga?"

"Ndati sitikudziwa ngati..."

"Simukudziwa? Inuyo? Pa mzere paja pa sukulu munaima kumbuyo kwa ndani? Dzuwa litakuwotchani dazi, chipewa munabwereka cha ndani? Si ichi?"

Anachikweza m'mwamba chipewacho. Abale, mawu amene anatuluka! A m'nyumba aja, a chitseko chotseka aja, koma pabwalo, masanasana, anthu onse akumva. Kamwana kena kamene kankayamwa pafupi nane kanasiya bere n'kucheuka.

"Ndinamuvotera ndi chala ichi, inki inachita kukana kuchoka. Ndiye ndi wanga. Wangayo akalakwa ndimuuza! Kuyamika ndimayamika, musandiphunzitse, mwana wakhala apoyo ndinamutcha dzina lake chifukwa cha chimenecho. Koma amene anandilandira ine si pulezidenti ayi. Si inunso, a Chimbalanga, inu munandipeza ndili kale ndi makina. Anandilandira ndi mayi wina ku Nsanje, anandiona nditagwa pansi pa mtengo, anandipatsa phala la mapira mu chipande. Dzina lake sindinamufunse. Ameneyo ndiye ndimamuthokoza m'mawa uliwonse. Iyeyo akanandiuza kuti khala chete, ndikanakhala. Koma inu?"

Anatsitsa chipewa chija. Ine ndikuti basi, atichotsa, tizidzadziika tokha.

Amene anayamba kulankhula ndi a Thomu, mkulu wina amene anagwirapo ntchito ku njanji. "A Zuze, pa za mafuta ndi kwacha ndili nanu. Koma pamene munati kale zinthu zinali bwino, pamenepo munanama. Kale limenelo mukanajambula mawu otere, bwenzi lero tikusonkhera bokosi lopanda mtembo."

"Koma misewu inali yosesa!" adadi.

"Yosesa, anthu akuyendamo ndi mantha!"

"Nanga za ana asukulu," mayi wina mphunzitsi naye waimirira, "mukuti sitikuwalanga, mukufuna tiziwakwapula kuti muzititengera kupolisi?"

"Msewu wa kwathu anaukonza ndi yemweyu, zimenezo simunanene bwanji?" wina pa chidebe.

"Msewu tidya?" wina pa mpanda.

Basi chipwirikiti. Uyu ndi uyu, uyo ndi uyo, azimayi aimirira akumanga zitenje, a Chimbalanga akuwerenga zitukuko pa zala, adadi ali pakati akuloza ndi chipewa, akutsutsidwa mbali zonse, akubweza mbali zonse. Ine ndakhalira foni yanga, kukamwa kuli yasa. Chibadwire sindinasowepo chonena, koma tsiku limenelo ndinasowa. Nde ndinamvetsera bwinobwino. Ankawauza kuti mwanama, mwakalamba, mumakonda zakale, za chuma simuzidziwa. Koma mawu oti mubwerere kwanu aja sanatulukenso pakamwa pa munthu.

Mayi Semba anamenya beseni ndi mthiko mpaka anthu anakhala pansi.

"Ili ndi gulu la maliro, si nyumba ya malamulo. Pano timachotsa wosasonkha ndi wojomba pa zovuta. A Zuze anajomba maliro a ndani? Anene mwini wake." Anayang'ana uku ndi uku. "Chabwino. Mwezi wa mawa msonkhano ukugwera kwa a Zuze. Mukonze mipando yokwanira, mwaona mmene anthu ayambira kukonda misonkhano."

"Ine kumeneko sindikapondako," a Chimbalanga.

"Wojomba amalipira faindi, mukudziwa kale. Titseke ndi pemphero."

Pano ndikulemba izi ndili ku Chilobwe konkuno, pa khonde la kwathu, pomwe ndaika katebulo ka zikhadabo. Zoti ntchito ya ku Tete inatha adadi anadziwa okha ataona kuti sindikulongedza. Esnati akuti kuli saluni ina ku Beira, ndipo masiku ena ndimatsegula mapu pa foni n'kumayeza mtunda ndi zala, miyendo ikuyabwa. Kaya. A Chimbalanga ku msonkhano wa kwathu sanabweredi, analipira faindi yawo. Bawo lili kuseri kwa kabati, ndipo Loweruka masana ndimawaona adadi akulisuzumira. Zimenezo sizinakonzeke, mwina sizidzakonzeka. Amene anaika tizala aja ndimakumana nawo pa mpope, timapatsana moni, ine ndikudziwa, iwonso akudziwa kuti ndikudziwa.

Ine ndinkayesa kwanu ndi kumene anthu amakusekerera. Ku Tete makasitomala ankandisekerera tsiku lonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kukangana nane za dziko lawo. Ndikanayamba, bwenzi atangondiyang'ana ngati mpando walankhula. Kuno adadi akamachokera ku Limbe amachedwa pa siteji, anthu akuwaimitsa kuti awatsutse. Amafika kunyumba atakwiya, thukuta lili kamukamu, n'kudya mpaka amami kudabwa.

Koma chimene ndimabwerezabwereza m'mutu ndi ulendo wochokera kwa mayi Semba tsiku lija. Tinkayenda awiri ndi adadi, iwo patsogolo, chipewa atavala chopendekera. Tinadutsa msika wonse. Pafupi ndi kwathu anaima.

"Sindinapepese."

"Simunapepese, adadi."

"Amako usakawauze kuti ndinakuwa pa anthu."

"Amva kale. Anyamata a pa mpanda aja amajambula. Ili pa gulu."

"Gulu liti?"

"Onse."

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Anayenda pang'ono n'kuimanso, osanditembenukira.

"Nanga... ndikumveka bwino?"